Tizigumu ta Mlekeni

Loŵeruka lililonse dzuŵa likapendeka, pakhomo pathu kuno ku Chilomoni pamamveka kafungo kamene kadasokonezapo alendo ambiri. Amene sadziŵa amayesa kuti tikuphika chikondamoyo cha kadzutsa wa maŵa, ndipo ena amayambiratu kumeza malovu. Koma akayandikira pa mbaula, fungo la bonya limaŵaimitsa, pakuti palibe mai wanzeru zake amene amathira nsomba m'chikondamoyo. Apo mpamene timaulula, mwamanyazi pang'ono, kuti zili mumphikazo nza galu.

Tsiku lina mai ena achikulire, anansi athu a zaka zambiri, adatipeza tikuphula tizigumu timeneti. Adaima chilili, nagwira pakamwa, kenaka adafunsa kuti, "Amai, mundiuze zoona. Ana a anthu akugona ndi njala m'dziko muno, inu mukuswera galu dzira?" Tsiku limenelo sitidaŵayankhe zomveka. Tidangoseka nkuŵapatsa mpando. Koma funso lao lidatsalira m'mitima mwathu ngati munga, chifukwa silidali funso lopusa. Lero tafuna kuliyankha poyera, ndipo kuti tiliyankhe moona tiyenera kuyambira kutali, pa galu wina amene tidamkwirira kuseri kwa nyumba yathu zaka zoposa makumi aŵiri zapitazo.

Tonse aŵiri tidakulira kumudzi, kumene galu sankaphikiridwa. Ankadya makombo ngati atsalako, ankanyambita miphika, ankatola nyenyeswa pansi pa ana. Anyamata akapita naye ku uzimba nkugwira kalulu, iye ankalandira matumbo basi, ngakhale kuti amene adathamanga ndi iyeyo. Akuluakulu ankatiuza kuti galu ukamkhutitsa amachita ulesi, sasaka ndipo salondera. Ife tidameza chiphunzitso chimenechi osachitafuna. Chinenero chathu chomwe chikuchitira umboni: munthu ukafuna kumnyoza kotheratu umamutcha galu, ndipo wosauka wopanda womuyang'anira timati akukhala moyo wa galu. Chonsecho nyama yomweyi ndiyo timaisiyira nyumba, khola ndi nkhokwe tikamatseka zitseko usiku.

Galu wathu woyamba m'banja adabwera m'chaka cha 1998. Adali wofiirira, wamiyendo itaitali, ndipo malemu bambo athu adamutcha Zilipano. Nyumba yathu ili chakumapeto kwa mudzi, kuyang'anana ndi phiri la Michiru, kumene afisi amatsikako usiku. Zilipano adalimbanapo ndi fisi pakhomo pa khola la mbuzi, ndipo kuyambira pamenepo khutu lake lakumanzere lidali long'ambika. Tinkaonetsa alendo khutu limenelo monyadira, monga mmene msilikali amaonetsera mendulo. Koma tikuvomera pamaso panu, aŵerengi, kuti zaka zinai zonse zimene adatilondera, galuyo adalibe mbale yakeyake. Sitidaganizepo kuti angafune mbale.

Kenaka idafika njala ya 2002. Amene adaiona sadzaiiŵala. Mu Febuluwale chaka chimenecho boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Madeya, amene kale tinkapatsa nkhuku, adasanduka chakudya cha anthu, ndipo ankagulidwa ndi ndalama. M'midzi anthu ankakumba zitsa za nthochi, ndipo chimanga chinkabedwa m'minda chisadakhwime. M'nyumba mwathu tinkadya kamodzi patsiku, ndipo makombo adatheratu, pakuti ana ankakombeza mbale mpaka kuŵala. Zilipano adayamba kuyendayenda m'madzala a anthu, kutola chilichonse chimene mphuno yake yapeza. Pa miyezi imeneyo sitidziimba mlandu waukulu. Mwana ndi galu akakhala pa mbale imodzi ya phala, palibe kholo limene lingakayike.

Mlandu wathu udadza pambuyo pake. Tidakolola mu Meyi, chimanga chidaloŵa m'nyumba, ana adayambanso kusiya makombo. Koma ife tidali titazoloŵera kuti galuyo amadzionera yekha. Makombo tinkaŵasunga kuti akhale mkute wa ana m'maŵa, madeya tinkagulitsa, ndipo palibe mmodzi mwa ife adakumbuka kuti pali pakamwa pena pamene tidapatseka nthaŵi ya njala ndipo sitidapatsekulenso. Iye ankabwerabe madzulo alionse, kupukusa mchira, nkugona pamalo pake pafupi ndi chitseko.

Usiku wina wa Juni, kukuzizira ndi chiperoni, tidagona tulo tofa nato. Kunja kudali zii. M'maŵa tidapeza chitseko cha kanyumba kosungiramo katundu chili pululu, matumba atatu a chimanga palibe, nkhuku zonse palibe. Zilipano adali gone pafupi ndi mpanda, thovu lili kukamwa, thupi litauma kale. Pambali pake padali kachidutswa ka nyama kamene sadakamalize. Akuba adamponyera nyama yothira mankhwala, iye nkuilandira, chifukwa adali ataphunzira kwa ife kuti chakudya chimachokera kwina kulikonse kupatula kwa eni ake.

Pomunyamula kuti tikamkwirire, tidadabwa ndi kupepuka kwake. Nthiti zonse zinkaŵerengeka. Tidali titamuona tsiku ndi tsiku koma osamuyang'ana. Mwana wathu wotsiriza, amene nthaŵiyo adali wa zaka zisanu ndi zinai, adaima pambali pa dzenje nafunsa kuti, "Ababa, akadakhala kuti adadya madzulo, kodi akadatola nyama ija?" Palibe adamuyankha. Chimanga chija tidachiiŵala chisadathe chaka, koma funso la mwanayo lidakhala nafe. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziŵiri zidapita osaŵetanso galu.

Mwana yemweyo, atakula ndi kupeza banja lake, ndiye adabwera tsiku lina mu 2019 atanyamula katoni. M'katimo mudali kagalu kakuda ka maŵanga oyera pachifuwa. Adatulutsanso mbale ziŵiri zachitsulo, ina ya chakudya, ina ya madzi, naziika pakhonde. Adati, "Amai, Ababa, mwakalamba ndipo mukukhala nokha. Ndikusiyirani kameneka, koma mbalezi zisamakhale zouma." Sadatchule za Zilipano, nafenso sitidatchule. Anthu atayamba kulankhula za banja limene lidagulira galu mbale, mai wa m'nyumba muno adatsata mwambo wakale wopereka uthenga kudzera m'dzina la galu, namutcha Mlekeni.

Tidapita naye kwa mlangizi wa ziŵeto kuti akalandire katemera ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Tidamsimbira mlangiziyo nkhani yathu yonse, nkumufunsa ngati pali njira yophunzitsira galu kuti asamatole za m'njira. Iye adatiuza zinthu ziŵiri. Choyamba, galu azidya mokwanira, pa nthaŵi yake, pa mbale yake. Chachiŵiri, galu amaphunzira msanga kwa dzanja limene limampatsa kuposa kwa dzanja limene limammenya. Adati tipeze kanthu kakang'ono kokoma, kouma, kotheka kuyenda nako m'thumba, kuti tizimpatsa nthaŵi yomweyo akamvera. Umu ndi mmene nkhani ya tizigumu idayambira.

M'masitolo akuluakulu a mu Blantyre muli mabisiketi a agalu, ambiri ochokera kunja. Tidaŵaona, tidaŵerenga mtengo, nkuŵabwezera pa alumali mwaulemu. Malonda ameneŵa ngakale ndithu. Cha m'ma 1860 James Spratt, Mwamereka wina amene adali ku England pa ntchito zake, adaona agalu padoko akudya mabisiketi olimba amene amalinyero adataya. Zimenezi zidampatsa nzeru, ndipo adayamba kupanga ku London mabisiketi a agalu osakaniza ufa wa tirigu, masamba ndi nyama. Titamva mbiri imeneyi tidalimba mtima. Ngati bisiketi ya galu idabadwa kuchokera ku zotsala za anthu apanyanja, palibe chotiletsa ife kupanga yathu kuchokera ku zimene zili m'khitchini mwathu.

Padali nkhaŵa imodzi. Ena ankatiuza kuti galu ndi m'bale wake wa mmbulu, tsono chakudya chake chenicheni ndi nyama yokha, ndipo kumpatsa za ufa nkungodzaza mimba. Nzoona kuti galu adachokera ku mmbulu, komanso kuti nsima yokhayokha siingamkwanire. Koma m'chaka cha 2013 akatswiri a ku Uppsala, m'dziko la Sweden, adalengeza m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature kuti matupi a agalu ali ndi mphamvu yogaya zakudya za ufa kuposa matupi a mimbulu. Zaka zikwi zambiri zimene galu wakhala pakhomo pa anthu olima zidasintha mimba yake yomwe. Ife mfundo imeneyi idatikhudza. Nyamayi idazoloŵera chakudya chathu mpaka m'matumbo, chifukwa chokhala nafe. Kuiuza lero kuti idzionere yokha kuthengo nkuiŵala kuti thengolo tidaichotsako ndife.

Tsono kapangidwe kake nkotere, ndipo aliyense amene adaphikapo chigumu sangavutike. Timatenga makapu aŵiri a ufa wa mgaiwa. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala zilimo. Timaphika mbatata ziŵiri zapakatikati, makamaka zofiira mkati zija, nkuziphwanyaphwanya ndi mthiko mpaka zikwane kapu imodzi. Nthaŵi imene mbatata yasoŵa, dzungu limagwira ntchito yomweyo. Kenaka timatenga theka la kapu ya bonya kapena usipa. Nsombazi timayamba taziviika m'madzi ofunda ndi kuzitsuka kaŵiri, kuti mchenga uchoke pamodzi ndi mchere ngati adathiramo poyanika. Tikatero timazikazinga pang'ono pa chiŵaya chopanda mafuta nkuzisinja mu mtondo mpaka zisalale, kuti pasatsale kamunga.

Zonsezi timaziika m'beseni, nkuswera dzira limodzi ndi kuthira masupuni aŵiri a nsinjiro. Chigoba cha dziralo sititaya. Timachiŵiritsa, kuchiumitsa pamoto ndi kuchipera mpaka chikhale ngati ufa, ndipo kansonga ka supuni ka ufa umenewu kamaloŵa m'beseni momwemo, chifukwa kamathandiza mafupa. Madzi timathira pang'onopang'ono tikukanya, kufikira zitagwirana molimba osamata m'manja. Mchere sitithira, shuga sitithira, soda sitithira. Apa mpamene dzanja la mai wozoloŵera kuphikira anthu limayabwa, koma tidaphunzira kuligwira. Zimene lilime lathu limafuna, galu alibe nazo ntchito. Iye amadya ndi mphuno, ndipo fungo la bonya limamkwanira.

Timapapatiza phalalo pa thabwa loyera kuti likhale lochindikala ngati chala chaching'ono, nkulidula tizidutswa tofanana ndi mutu wa chala chachikulu. Zidzukulu zikakhalapo, ntchito imeneyi njao, ndipo pamatuluka tinsomba, tinyenyezi ndi tizinthu tina tosadziŵika maina. Timayala tizidutswato mu mphika waukulu wopaka timafuta pang'ono, mphika pa mbaula ya makala ochepa, pamwamba chivundikiro cha lata chokhala ndi makala enanso. Pakatha ngati theka la ora timatitembenuza. Tikapsa, timachepetsa moto nkutisiya momwemo kuti tiume mpaka tizimveka gwa pogogoda. Kuumitsaku ndiye mutu wa ntchito yonse. Kachigumu kotsala ndi chinyezi kamachita chuku pa masiku aŵiri okha, makamaka nthaŵi ya dzinja. Touma bwino timatiika m'chitini chotseka titazizira, ndipo timapanga tongokwanira sabata imodzi.

Pali tina tosavuta kuposa pamenepa. Mbatata yofutsa pang'ono, yolengalenga mopyapyala nkuiyanika pa lichero masiku aŵiri kapena atatu a dzuŵa, imasanduka yolimba, ndipo galu amatha nthaŵi yaitali akuitafuna. Pakaphedwa mbuzi kapena nkhuku, kachidutswa ka chiŵindi kophika ndi kuŵamba pamoto wozilala ndiko mphoto yoposa zonse. Komabe chiŵindi nchofunika kuchipereka mochepa, pakuti chikachuluka chimatsekula m'mimba ndipo pakapita nthaŵi chimavulaza thupi. Lamulo limene madokotala a ziŵeto amapereka nlakuti zokometsera zotere zisapitirire gaŵo limodzi mwa magaŵo khumi a chakudya cha tsiku. Chakudya chenicheni cha Mlekeni ndi nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya, losakaniza nsomba, masamba ophika ndi zina zimene zapezeka, m'maŵa ndi madzulo, ndipo madzi oyera sachoka m'mbale yake.

Kuphikira galu kudatiphunzitsa chinthu chimene sitinkachiganizira konse, chakuti zakudya zina zabwino kwa ife ndi poizoni kwa iye. Anyezi ndi adyo, zaziŵisi kapena zophika, zimaononga magazi ake, choncho msuzi wa ndiwo zathu, umene kaŵirikaŵiri umakhala ndi anyezi ndi mchere, sitimthirira. Chokoleti chingathe kumupha, makamaka chakuda chija. Mphesa, ngakhale zouma zimene zimapezeka m'makeke, zimatha kuononga impso zake. Mtedza wa makadamiya, umene umalimidwa ku Thyolo, umamsanzitsa ndi kumfooketsa miyendo yakumbuyo. Chingamu china chili ndi chotsekemera chotchedwa xylitol, chimene ngakhale pang'ono pokha chimagwetsa galu. Chinangwa choŵaŵa chachiŵisi nchoopsa kwa iye monga momwe chiliri kwa ife. Masese a moŵa, amene ena amapatsa agalu kuti aseke poŵaona akudzandira, ndi nkhanza chabe. Ndipo mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka nkubaya kukhosi kapena m'matumbo. Tikakumbuka kuchuluka kwa mafupa otere amene tidaponyera Zilipano pa Khirisimasi, tikuyesa kuti tikumchitira phwando, timangopukusa mitu.

Choopsa kuposa zonsezi chimabisala m'nkhokwe mwathu momwe. Ambirife tikasankha chimanga kapena mtedza, zoola ndi zachuku timaziika pambali nkumati izi nza ziŵeto. Chuku china cha pa chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiŵindi, ndipo moto wa pa mafuwa sumupha. Agalu amagwa naye msanga. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ya dziko la Zambia idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu, ndipo poyeza ufa wa m'zigayo zina adapezamo poizoni wopitirira muyeso. Imfa ya agaluwo ndiyo idachenjeza anthu za ufa umene iwo omwe ankadya. Kuyambira pamene tidamva zimenezi, lamulo la pakhomo pathu nlimodzi: chimanga kapena mtedza umene sitingapatse mdzukulu, sitipatsa galu. Zoterozo timakwirira.

Nanga tizigumuti tidagwira ntchito imene tidatipangira? Tidayamba Mlekeni akali kamwana. Tinkamuitana dzina, akabwera nkumpatsa kamodzi. Tinkaika chakudya m'mbale nkumuuza kuti adikire, ndipo ankadya pokhapokha tanena kuti, "Idya." Pambuyo pake tinkataya dala kanthu pabwalo, iye akafuna kutola nkunena kuti, "Leka," ndipo akaleka ankalandira kachigumu kuchokera m'dzanja. Zidatenga miyezi, ndipo kangapo konse tidataya mtima. Lero mlendo akamponyera fupa, iye amalinunkhiza nkutembenuka kutiyang'ana. Sitikunamizani kuti galu wotere sangaphedwe ndi akuba. Galu ndi galu, ndipo usiku ife timakhala m'tulo. Chimene tikudziŵa nchakuti ngati tsoka lotere litadzagwanso, silidzampeza ndi mimba yopanda kanthu chifukwa cha ife.

Phindu lina tidaliona pa tsiku la katemera wa chiŵeŵe. Matenda ameneŵa akangoyamba kuonekera mwa munthu sachizika, ndipo pafupifupi onse amene amafa nawo amaŵatenga polumidwa ndi galu, ambiri mwa iwo ana. Mu Meyi 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a boma oona za ziŵeto, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre pa masiku makumi aŵiri. Amene adapitako ndi galu ku malo obayira adaona mmene zimakhalira: agalu ena amakokedwa pa waya akulira, ena amadula chingwe nkuthaŵa, ena eni ake amalephera ngakhale kuŵagwira pakhomo pomwe, chifukwa galuyo sadakhudzidwepo ndi dzanja la munthu kupatula pommenya. Galu wosagwirika sabayidwa, ndipo galu wosabayidwa ndi ngozi kwa ana a mudzi wonse. Mlekeni amayenda pambali pathu, mphuno ili pa thumba la tizigumu, ndipo singano imaloŵa iye akutafuna.

Tsono tibwerere ku funso la anansi athu aja. Kodi nkoyenera kuswera galu dzira pamene ana a anthu akugona ndi njala? Yankho lathu loyamba nlakuti mwana ndiye woyamba, ndipo pa ichi palibe mtsutso. Mu Malichi 2024, mvula itadula, boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Chaka chimenecho dzira lidachoka m'tizigumu, nsinjiro nazo zidachoka. Padatsala madeya, kambatata ndi fumbi la bonya la pansi pa dengu, limene amalonda amagulitsa motchipa. Mazira a nkhuku zathu ankapita kwa zidzukulu ndi kwa ana ena a pafupi. Munthu amene galu wake akunenepa pamene wantchito wake kapena mwana wamasiye wa m'bale wake akuwonda, ameneyo wasokoneza mndandanda wa zinthu, ndipo chikondi chake pa galu sichimuyeretsa.

Koma yankho lachiŵiri nlakuti chaka chomwecho mbale ya Mlekeni siidaume ngakhale tsiku limodzi. Tidachepetsa, koma sitidatseke. Makolo adati walira mvula walira matope. Palibe adatikakamiza kuŵeta galu. Tidamtenga tokha chifukwa tikufuna kugona mwamtendere, ndipo amene wafuna mlonda wafunanso mtolo womdyetsa. Mlonda waumunthu ukapanda kumlipira amakakusumira, kapena amangonyamula chikwanje chake nkumapita. Galu sangasume ndipo sachoka. Amabwerabe madzulo, kupukusa mchira kwa munthu amene sadampatse kanthu. Kukhulupirika kotereku nkumene kumapangitsa kuti kumdyera masuku pamutu kukhale kosavuta, ndipo nchifukwa chake kumdyera kotero kuli kochititsa manyazi. Ngati banja likuona kuti silingathe kudyetsa galu, palibe cholakwa kukhala opanda galu. Cholakwa nkumusunga kuti azilondera nkhokwe imene sadzalaŵako.

Titaŵerengera bwino, tidapeza kuti funsolo lidabisa kanthu kena. Zaka zija tinkamana Zilipano, palibe mwana wanjala ngakhale mmodzi amene adakhuta chifukwa cha kumana kwathuko. Madeya tinkagulitsa, ndalama nkuthera pa zathu. Dzanja lozoloŵera kufumbata silisankha amene likummana. Chodabwitsa nchakuti chiyambire kuphika tizigumu Loŵeruka, mbaula imakhala itayaka kale, mgaiwa uli pafupi, tsono mai wa m'nyumba muno amati moto usapite pachabe, nkuikapo mphika wachiŵiri wa chikondamoyo chenicheni, cha mchere ndi shuga. Chimenecho chimadyedwa ndi ana onse amene fungo laŵaitana, ndipo saŵerengeka. Kale Loŵeruka lathu lidalibe mphika woyamba kapena wachiŵiri.

Tazindikiranso kuti ana amaphunzira pa zimene timachita ndi chinthu chimene sichingatibwezere mau. Mdzukulu wathu wina adali ndi chizoloŵezi chogenda galu aliyense wodutsa pamseu, monga amachitira anzake. Sitidamkalipire kwambiri. Tidangompatsa mpeni wosathwa kuti azidula tizigumu, ndi udindo wothira madzi m'mbale. Patapita milungu ingapo tidamumva akuletsa mnzake kuti, "Iwe, usamgende, mwina sadadye." Mau omwewo akadatithandiza ife akuluakulu m'chaka cha 2002, koma padalibe wotiuza, kupatula mwana amene adafunsa dzenje litakumbidwa kale.

Anansi athu aja amabwerabe. Sitikudziŵa ngati tidaŵakhutiritsa, pakuti mpaka lero akaona mphika woyamba amapukusa mutu, ngakhale kuti wachiŵiri saukana. Mwezi wathawu adabwera ndi kambale ka fumbi la bonya, nkukaika pakhonde osanena zambiri. Adangoti, "Izi zimangotayika kwathu. Mupatse mlonda wanuyo, poti akauwa kuno nafenso timadzuka."

Madzulo ano tatseka nkhuku, tathira madzi m'mbale, ndipo Mlekeni walandira kachigumu kake kotsiriza ka tsikuli kuchokera m'dzanja la bambo wa m'nyumba muno. Wazungulira kaŵiri nkugona pafupi ndi chitseko, pamalo pomwe pankagona mnzake wa khutu long'ambika uja. Mphepo yochokera ku Michiru yayamba kuzizira. Ife tikuzima nyale.